Ntchito Ndinafunsira Ine, Koma Aitana Madala Sizasi

Aphungu,

Ndithandizeni msanga, ndagwira njakata. Msampha ndinatchera ndekha, ndipo Lachinayi likubwerali ndi tsiku limene undifwamphukire pakhosi. Ndikudziwa kuti museka. Sekani ndithu, koma mukatha kuseka mundiuze chochita, chifukwa ntchito imene ndakhala ndikuilota chibadwire ili pafupi kundipulumuka m'manja.

Ndine mtsikana, ndinamaliza maphunziro a utolankhani chaka chatha, ndipo ndikadali pakhomo pa makolo. Bambo anga ndi telala. Shopu yawo ndi chipinda chakumaso cha nyumba yathu yomweyi: makina osokera pazenera, tebulo lodulirapo nsalu, galasi lalitali losweka pakona, ndi kawayilesi kakale pamwamba pa kabati, komangidwa ndi lasitiki wa m'chiuno mwa siketi kuti mabatire asamagwe. Kawayilesi kameneko ndi kamene kanandilowetsa m'mavuto onsewa. Ndili mwana, anzanga akamathamangitsana panja, ine ndinkagwira mpini wa tsache pakamwa n'kumawerengera nkhuku za amayi nkhani za m'maiko akunja.

Mawu ndili nawo, kungoti Mulungu pogawa anandipatsa a mwamuna. Ndi besi yeniyeni. Kusukulu ankati ndinameza ng'oma, kukwaya amandiimika kumbuyo pamodzi ndi azibambo a ndevu, ndipo ndikayankha foni ya amayi anthu amati, “Pepani bambo, timafuna mayi a kunyumba.” Kale zinkandiliza. Koma aphunzitsi athu a utolankhani anandiuza kuti mawu oterewa ndi amene amakhala bwino pa nkhani za madzulo, ndiye ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Wayilesi ina ya m'tauni mwathu muno italengeza kuti ikufuna owerenga nkhani, mtima sunakhale m'malo. Ndinalemba kalata yofunsira ntchito, ndinaphatikiza mapepala a kusukulu, ndipo poti ankafunanso kumva mawu, ndinadzijambula pa foni ndikuwerenga nkhani nditafunda bulangete mutu womwe, kuti phokoso la makina a bambo lisalowe. Ndinatuluka m'bulangetemo thukuta lili kamukamu ngati ndimalima. Zonsezo ndinakapereka ndekha m'manja mwa mayi wa polandirira alendo, amene anaziponya m'katoni osandiyang'ana n'komwe.

Kuchokera pamenepo kunangoti zii. Ndikaimba foni ku ofesi, mayi uja amati mkulu wa mapulogalamu ali pa msonkhano. Anthu amenewa, Aphungu, amabadwira pa msonkhano? Ndinayamba kupita ndekha, koma ndinkathera pageti, mlonda n'kundiuza kuti, “Bwerani mawa.” Ndinabwera mawa lakelo, ndi mawa linalo, mpaka mlondayo anandipatsa dzina. Masiku ano akangondiona ndikukhota pakona amakuwa kuti, “A Bwerani Mawa afika!” mavenda a pamsewu n'kumafa nacho chiseko. Kunyumba nako sikunali kothawira, chifukwa bambo sanaikondepo ntchito imeneyi. Amati, “Ntchito ya pakamwa si ntchito. Ine dzuwa likalowa ndimaloza malaya amene ndasoka. Iwe uziloza chiyani, malovu?”

Ndiye tsiku lina m'mawa, ndikutsuka mbale, satana anandinong'oneza. Pa wayilesi imeneyo pali foni imodzi yokha imene imayankhidwa nthawi zonse: ya pulogalamu ya m'mawa, imene omvera amaimba n'kumapereka moni ndi madandaulo awo. Amaiyendetsa mnyamata wina wanthabwala amene tauni yonse imangomutcha Achimwene. Ndinati, bwanji ndikumbutsire pomwepo za kalata yanga, mabwana akumva? Koma mawu anga enieni sindikanalankhula nawo, poti ali nawo kale m'katoni muja, akanati mtsikana uyu ndi wamwano. Choncho ndinabwereka a bambo.

Kuwatsanzira bambo ndinayamba kalekale kukhitchini, pofuna kuseketsa amayi. Si kovuta. Umayamba ndi kukhosomola pang'ono, kenako “Tamverani kuno, a ujeni,” kenako umanena chinthu chimene munthu waulemu sanganene, n'kumaliza ndi “Ine ndadula pomwepo.” Ndinalowa m'kachipinda kosungira nsalu, kamene kanalekana ndi shopu ndi khoma la mabolodi chabe, ndinatseka chitseko, ndinaphimba pakamwa ndi kansanza, n'kuimba. Ngati zolodza, foni inalowa ulendo woyamba womwewo.

Nditangokhosomola n'kuti halo, Achimwene anati, “Madala, chepetsani kaye wayilesi yanu, ikutiboola makutu kuno.” Mukulidziwa lamulo lake: wayilesi ikakhala yokweza pafupi ndi woimba foni, mawu amabwerera n'kumalira ngati wenzulo, ndipo ukachedwa amakudula. Tsoka lake wayilesiyo inali ya bambo, kuseri kwa mabolodi, ndipo sindikanatuluka kukaigwira. Mwamwayi nthawi yomweyo inachepa. Ndikuganiza kuti m'shopumo munalowa kasitomala.

Ndinati, “Tamverani kuno, a ujeni. Ana athu anakusiyirani makalata ofunsira ntchito kumeneko. Muwayankha liti, kapena mukukolezera moto?” Achimwene anaseka mpaka kutsamwa. Anandifunsa ntchito yanga, ine posowa chonena n'kuti telala. Anati nanga mathalauza othina a anyamata a masiku ano mukuwaona bwanji, madala? Pamenepo sindinavutike kuganiza, yankho lake ndinalimva kambirimbiri pakhomo pathu. Ndinati, “Limenelo si thalauza, ndi bandeji. Kuvala mpaka adzole mafuta, kuvula mpaka aitane achibale. Ine ndadula pomwepo.” Achimwene anakuwa kuti, “Eee, amenewa ndi Madala Sizasi!” Dzina linabadwa choncho.

Mawa lake omvera anayamba kufunsa kuti Madala Sizasi ali kuti. Ndikanasiyira pomwepo, koma chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ndinaimbanso, n'kuimbanso. Ndadzudzula azibambo obisa mimba akamayezedwa, ndadzudzula akwati obweretsa nsalu dzulo ukwati uli mawa, ndadzudzula anthu obwera ndi nsalu yokwanira mpango n'kumafuna suti. Pomaliza nthawi zonse ndimafunsa za makalata a ana athu aja, koma nazonso zasanduka nthabwala. Ndikachedwa, Achimwene amati, “Madala, lero za ana athu simufunsa?” tauni yonse n'kuseka, kalata yanga ili chigonere m'katoni.

Zoti ndinene sizinandisowepo, chifukwa bambo masiku ano alowedwa mzimu wolongolola. Munthu amene ankadya chakudya chamadzulo ali duu, tsopano amapereka maganizo pa chilichonse, mokweza ngati m'nyumbamo tonse ndife ogontha. Nthawi zina mfundo imodzi amaibwereza kawiri, pang'onopang'ono, maso ali kudenga. Ine ndimangotola n'kusungira mawa. Ndipo nthawi ya pulogalamu ikakwana amaimitsa makina, amachepetsa wayilesi mpaka pansi, n'kuigunditsa kukhutu. Tsiku ndi tsiku amatero. Ndikuona ngati safuna kuti anthu odutsa adziwe kuti nawonso amamvera za pakamwa zomwe amazinyozazo.

Vuto ndi lakuti mawu a bambo amadziwika msewu wonse. Makasitomala anayamba kulowa akuseka kale: “Madala, takumvani m'mawa! Anyamata aja mwawavula!” Ine ndinali kuseri kwa chitseko, kudikira kuti akane. Bambo anangokhosomola n'kuti, “Anthu amalankhula.” Basi! Kuvomera ayi, kukana ayi. Tsopano amasoka atamanga tayi. Akamapita kukagula ulusi, oyendetsa njinga amawaimbira belu, iwo n'kumakweza dzanja pang'onopang'ono ngati munthu amene wapambana chisankho. Amayi ndikawayang'ana amangothawira kukhitchini, mapewa akugwedezeka.

Sabata yathayi ndiye zinafika pena. Mkulu wa mapulogalamu, yemwe uja amakhalira pa msonkhano, analowa yekha mu situdiyo n'kulengeza kuti Madala Sizasi afike ku wayilesiko Lachinayi m'mawa, akakambirane zowapatsa pulogalamu yawoyawo ya Loweruka lililonse. Ntchito, Aphungu! Ntchito yeniyeni, pa wayilesi yomweyo imene ine mwini mapepala ndimathera pageti. Aitana munthu woti kulibe. Anthu a mumsewu mwathu anakhamukira kushopu kudzawagwira bambo chanza. Iwo anaimirira, anakonza tayi, n'kuti, “Lachinayi si patali. Pafunika jekete.”

Apa ndi pamene ndikulira. Bambo anga ndi akuthwa pakamwa m'shopu mwawo mokha. Foni amaigwirira patali ngati mbale yotentha, amakuwa halo, halo, n'kudula. Pa ukwati wa mkulu wanga anawapatsa maikolofoni kuti alankhule monga mwini mwana. Anaiyang'ana, anati “Zikomo,” n'kukhala pansi. Akakalowa mu situdiyo muja, nyali yofiira n'kuyaka, akauma ngati chitsa tauni yonse ikumva. Munthu amene wayamba kuyenda mowongoka chonchi akabwerako atazyolika, ndipo wowachititsa manyaziwo ndikhala ine.

Kutchuka nako kwawasokoneza kale mutu. Atsitsa nsalu yabuluu imene akhala akuisunga zaka zambiri, imene anakaniza ngakhale abusa athu, ndipo akusoka jekete ya Lachinayi. Koma Aphungu, jeketeyo ndi yaing'ono! Bambo ndi munthu wa mapewa ngati chitseko. Dzulo anandiitana kuti, “Iwe, tavala kaye ndione mmene ikugwera, chidole changa choyezera chathyoka khosi.” Ndinavala, iwo n'kumandizungulira mapini ali kukamwa. Mikono yake inathera ndendende pamene ndimavala wotchi. Ndinafuna kunena kuti Ababa, imeneyitu simulowamo, koma ndinangotambasula manja, iwo n'kupitiriza kubaya mapini.

Ndaganiza zambiri. Ndinaganiza zowapha Madala Sizasi, kutumiza uthenga wa maliro ku wayilesi komweko kuti atisiya mwadzidzidzi. Koma poti anthu akuti ndi bambo, pofika masana pakhomo pathu padzaza olira, n'kuwapeza malemuwo akupalasa makina. Ndinaganizanso zowaperekeza n'kukanena kuti agwidwa chimfine, ine ndiziwayankhira. Nanga chimfinecho chizidzawagwira Loweruka lililonse? Kukaulula ku wayilesi ndikuopa: akandithamangitsa ngati wakuba, mbiri n'kuwanda m'mawayilesi onse kuti mtsikana wa besi uja ndi kamberembere. Kuulula kwa bambo ndiye ndikuopa koposa. Ndawasandutsa choseketsa tauni yonse, ine mwana wawo wobala okha, kenako ndiwalandenso ulemu umene akuukondawu?

Ntchito imeneyi ndikuifuna, Aphungu, ndikuifuna mpaka mtima kuwawa. Koma sindikufuna kuipeza powaponda bambo anga pamutu. Lachinayi apite ndani?

Ine wothedwa nzeru,
T.N., kuseri kwa shopu ya telala

*

Mwana wanga T.N.,

Kuseka ndaseka, mpaka mnzanga wa desiki yoyandikana anandithamangira ndi madzi. Koma ndakwiyanso, chifukwa ine ndine mmodzi wa anthu amene wawapusitsa. Bambo a kunyumba kwanga, chimvereni Madala Sizasi akunyoza obisa mimba, masiku ano amapuma bwinobwino akamayezedwa, ndipo ndinali ndi maganizo okawathokoza madalawo pamaso. Lero ndikumva kuti ndi kamtsikana kobisala m'nsalu, kansanza kali kukamwa. Ayi ndithu, uli ndi chiwindi.

Udziwenso kuti m'tauni mwanu mulibe Madala Sizasi awiri, ndiye kalata yako ikangotuluka m'nyuzipepala muno chinsinsi chatha. Yankho ili ndakutumizira iwe poyamba, ndipo ndapempha akonzi kuti asindikize Lachinayi litadutsa. Eni nkhani akamve kwa iwe asanawerenge kwa ine.

Tiyambe ndi chowawa. Chimene wachitachi ndi bodza, ngakhale ndi bodza lokoma. Munthu akamva mawu m'kabokosi kaja saona nkhope, amangokhulupirira, ndipo wayilesi imadyera pomwepo. Iwe ukufuna kukhala wowerenga nkhani, munthu woti akanena kuti mlatho wagwa, anthu amabwerera panjira. Ndiye usakalowe kumeneko ukuyembekeza kuti akuombera m'manja. Ukalowe ngati munthu amene walakwa ndipo akudziwa kuti walakwa.

Madala Sizasi usawaphe. Maliro abodza ndi kudziitanira tsoka, ndipo amayi ako sangakukhululukire anthu atadzaza pabwalo kudikira tiyi. Za chimfine nazonso iwala. Bodza silichizidwa ndi bodza linzake, limangoswana. Kuyambira lero kachipinda ka nsalu kaja kakhale ka nsalu basi: Madala asaimbenso foni mpaka eni wayilesi atadziwa kuti ndi ndani.

Lachinayi lisanafike, imba foni ku ofesi, osati ku situdiyo, ndi mawu ako enieni, unene kuti ukuimba pa nkhani ya Madala Sizasi. Uona wekha, msonkhano wosatha uja utha nthawi yomweyo. Mkulu wa mapulogalamu akabwera pa foni, upemphe kuti tsikulo akuone kaye payekha, chitseko chotseka, kutali ndi maikolofoni. Bwana amakhululuka msanga akamva chinthu ali yekha. Chimene sakhululuka ndi kudzidzimutsidwa pamaso pa antchito ake.

Ukalowa usayambe ndi nthabwala. Unene dzina lako, unene kuti unafunsira ntchito yowerenga nkhani, unene kuti Madala Sizasi ndiwe, upepese. Mawu ochepa, osalira, osaloza chala mlonda kapena mayi wa katoni uja. Akapanda kukhulupirira, ndiye pamenepo ukhosomole n'kuwalawitsa Madala pang'ono, kamodzi kokha. Upemphenso kukapepesa kwa Achimwene pamaso, poti ndi amene wakhala ukuwavinitsa pagulu, ndipo ukalembedwa ndi amene uzidzakhala nawo chipinda chimodzi. Za mmene omvera adzauzidwire usiyire eni ake. Ine ndikuona kuti nkhani ya mtsikana amene anapusitsa tauni yonse ndi yokoma kuposa ya madala enieni, koma aiganize okha, usakawaphunzitse ntchito.

Utenge kalata ina yofunsira ntchito, mapepala ako, ndi mawu ojambula atsopano. Za m'katoni zija ungoti zinadyedwa ndi mphemvu. Mkwiyo ukatsika, upemphe chinthu chimodzi chokha: akupatse pepala la nkhani uwerenge pomwepo. Uli ndi chimene anzako ofunsira alibe. Waonetsa kale kuti umasunga nthawi, umayankha funso lokudzidzimutsa osachita chibwibwi, ndipo anthu amasiya zochita zawo kuti akumvere. Koma usakaumirire kuti ngati si nkhani ndiye basi. Akati uyambe ndi pulogalamu ya Loweruka, kapena kunyamula zingwe ndi kuyankha mafoni, lowa. Khomo ndi khomo, ngakhale la kukhitchini.

Inu ena nonse amene mukudikira yankho la ntchito, musatengere mwana uyu. Kukumbutsa n'kololedwa, koma kuli ndi ulemu wake. Dikirani tsiku lotsekera kulandira makalata lidutse, funsani amene akuona za ntchitoyo, mulembereni kapena kumuimbira mwachidule ndi mofatsa, kenako mupatseni mpata apume. Mukakumbutsanso n'kukhalabe zii, limenelo ndi yankho, yang'anani kwina; mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mlonda akangokupatsani dzina, dziwani kuti mwapyola muyeso.

Chenjezo langa kwa iwe ndi ili: akhoza kukukana. Akhoza kunena kuti wonama pa foni adzanamanso pa nkhani, ndipo sungawaimbe mlandu. Zikatero uthokoze, utuluke mutu uli m'mwamba, ukafunsire kwina ndi mawu ako. Ndisadzamve kuti pa wayilesi ina patulukira gogo wogulitsa tomato wa mawu a besi. Ndipo akakupatsa pulogalamuyo, ukumbukire kuti pakamwa ndi pako koma nzeru ndi za eni ake. Ukapemphe chilolezo, ndipo mwini nzeruzo azitchulidwa.

Tsopano za bambo ako, amene ukuti kutchuka kwawasokoneza mutu. Mwanawe, kusukulu ya utolankhani anakuphunzitsa kufunsa mafunso, ndiye tadzifunsa awa. Achimwene atati wayilesi ichepe, ndani amene anaichepetsa, ndipo anadziwa bwanji kuti yolirayo ndi yake? Munthu amene sakudziwa kuti foni ikuimbidwa kuseri kwa mabolodi ake angamachepetserenji wayilesi tsiku ndi tsiku, n'kuimitsa makina? Nanga wobwereza mfundo kawiri, pang'onopang'ono, maso ali kudenga, amakhala akucheza kapena akulembetsa mwana wa sukulu? Amayi ako akamathawira kukhitchini mapewa akugwedezeka, amakhala akuseka iwe.

Bambo ako anakudziwa utangokhosomola koyamba. Sanakane pamaso pa makasitomala chifukwa akanakana, anthu akanayamba kufunafuna wina wa mawu otero pakhomo pomwepo, ndipo sakanavutika kumupeza. Za tayi zija akusangalala nazo ndithu, asiye asangalale, nawonso ndi munthu. Koma azibambo a mtundu umenewu kubweza mawu sadziwa. Munthu amene ananena kuti ntchito ya pakamwa si ntchito sangadzuke m'mawa n'kuti mwana wanga ndinalakwitsa. Amapepesa ndi manja, pa ntchito imene amaidziwa.

Telala amene wasoka moyo wake wonse salakwitsa muyeso wa mapewa ake, ndipo ndikukayika ngati chidole chija chathyokadi khosi. Choncho foni ya ku ofesi ija ikhale yachiwiri. Choyamba, lero lomwe, makina akangoima, lowa m'shopumo, ukhale pansi, uwauze zonse ndi mawu ako enieni, upepese chifukwa chowabwereka pakamwa osapempha. Akhosomola, mwina akuuza kuti anthu amalankhula. Ukatero uimirire, utambasule manja, amalize za mapini zija.

Wafunsa kuti Lachinayi apite ndani. Bambo ako anayankha kale ndi sizasi. Nsalu imene anakaniza abusa aidulira iwe.

Aphungu